Wotchi ya Pansi pa Nyanja pa Mkono wa Munthu wa Kumtunda

Mawu Oyamba

M'tawuni ina ya kumapiri, kutali ndi nyanja, muli mphunzitsi wa pasekondale amene sadziwa kusambira. Madzi akuya amene adalowamo pa moyo wake ndi a padambo la kwawo pamene ankaweta mbuzi ali mwana, ndipo ngakhale apo madziwo sadapyole m'chiuno. Komabe pa mkono wake wamanzere pamakhala wotchi yachitsulo yolemera, ya mtundu wa Seiko SKX007, yolembedwa pankhope pake kuti ikhoza kutsika mamita 200 pansi pa madzi popanda kuonongeka. Adaigula kwa munthu amene adaivalapo kale, atasunga ndalama miyezi isanu ndi umodzi. Amaivala polemba pabolodi, pokwera minibasi, posamba m'manja ndiponso popita kutchalitchi. Ilibe batire, imayenda chifukwa chakuti mkono wa mwini wake ukuyenda.

Anzake m'chipinda cha aphunzitsi amamuseka. "Achimwene," amatero, "kodi ku Salima mukabira liti?" Koma mlongo wake wamkulu, amene adatsala kumudzi akulera ana a malemu mchimwene wawo, saseka. Iye ataiona wotchiyo adangofunsa mtengo wake, ndipo atamva adawerenga pamtima matumba a feteleza amene ndalamazo zikadagula.

Mphunzitsiyu ndi chitsanzo chabe, koma funso limene wanyamula pa mkono wake likukhudza anthu ambiri. Kodi n'koyenera kuti munthu akhale ndi chida chimene ntchito yake yeniyeni sadzaigwira? Nkhani ino ikuunika milandu itatu imene ingazengedwe pa iye: woyamba ndi wa chinyengo, wachiwiri ndi wosankha chida chotsalira pa ntchito yake, ndipo wachitatu ndi wosowa umunthu pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Milandu iwiri yoyambayo ili ndi mayankho okwanira. Wachitatuwo suthetseka msanga.

Kumene Wotchi Yobira Idachokera

Kuti mlandu uweruzidwe bwino, pafunika kudziwa kaye chimene chidachititsa kuti chida chotere chipangidwe. Munthu akamatsikira pansi pa madzi, kulemera kwa madziwo kumamupanikiza, ndipo pa mamita 10 alionse kupanikizako kumaonjezeka ndi mlingo wofanana ndi wa mpweya wonse umene umapanikiza munthu ali pamtunda. Wobira amene akupuma mpweya wa m'thanki pamalo otere, magazi ndi minofu yake zimamwa mpweya wa nitrogen wochuluka kuposa wa masiku onse. Akakhalitsa pansipo n'kuvuuka mofulumira, mpweyawo umachita thovu m'thupi monga momwe chakumwa cha m'botolo chimachitira chikatsekulidwa mwadzidzidzi. Zotsatira zake ndi ululu woopsa m'malo olumikizira mafupa, kufa ziwalo, ngakhale imfa imene. M'chaka cha 1908 katswiri wa ku Scotland, John Scott Haldane, adakonza ndondomeko yosonyeza mphindi zimene munthu angakhale pa kuya kwakutikwakuti ndi malo amene ayenera kuima pokwera. Kuyambira pamenepo moyo wa wobira udadalira kuwerenga mphindi molondola.

Mu 1943 anthu awiri a ku France, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, adapanga chipangizo chopumira chimene chidamasula wobira ku paipi yomulumikiza ndi anzake a m'boti. Munthu womasuka chotero adayenera kudzisungira yekha nthawi. N'chifukwa chake mu 1953 kampani ya Blancpain ya ku Switzerland idatulutsa wotchi yotchedwa Fifty Fathoms mogwirizana ndi asilikali obira a ku France, ndipo m'chaka chomwecho kampani ya Rolex idapanga Submariner. Mayiko ena adatsatira: Seiko ya ku Japan idatulutsa wotchi yake yoyamba yobira mu 1965, ndipo fakitale ya Vostok ya mumzinda wa Chistopol ku Soviet Union idatulutsa Amphibia mu 1967. SKX007 ya mphunzitsi uja idayamba kupangidwa mu 1996 ndipo idalekeka cha mu 2019. Pa nthawi imene inkapangidwa inkagulidwa pa madola a ku America pafupifupi 200, pamene Submariner yatsopano masiku ano imaposa madola 9,000.

Kuti wotchi itchedwe yobira, malamulo a padziko lonse otchedwa ISO 6425 amafuna zinthu zingapo. Iyenera kupirira madzi a mamita osachepera 100, ndipo imayesedwa ndi mphamvu yoposa imene yalembedwapo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kotero kuti ya mamita 200 imayesedwa ngati ili pa mamita 250. Mivi yake iyenera kuoneka mumdima wandiweyani, ndipo payenera kukhala njira yoikira chizindikiro pa mphindi imene munthu wayambira kubira. Nthawi zambiri njira imeneyi imakhala mkombero wozungulira galasi, wolembedwa manambala mpaka 60.

Luso lakuti wotchi ya pamkono izidzipukusa yokha lidayamba ndi Mngelezi wina, John Harwood, m'zaka za m'ma 1920, ndipo Rolex idalikonzanso mu 1931. M'kati mwa wotchi muli kachitsulo kolemera kooneka ngati mwezi wapatheka. Mkono ukagwedezeka kachitsuloko kamazungulira n'kumanga sipuling'i, ndipo sipuling'iyo imamasuka pang'onopang'ono ikuyendetsa timagudumu ta mano. Mu SKX007 kagudumu kosunga muyeso kamagunda ka 21,600 pa ola, ndiye kuti kasanu n'kamodzi pa sekondi. Kwa wobira ubwino wake udali wakuti sankafunikira kumasula kachitsotso ka pambali tsiku lililonse, pakuti pamenepo ndi pamene madzi amalowera mphira wotsekera akatha.

Chomaliza choyenera kudziwa n'chakuti ntchito imene wotchiyi idapangidwira idalandidwa kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 padabwera timakompyuta tovala pamkono timene timawerenga kuya, nthawi ndi mpweya wa m'thupi pamodzi. Obira ambiri lero amadalira timeneti. Motero ngakhale pakati pa odziwa kubira, wotchi yobira idasanduka chovala.

Mlandu Woyamba: Chinyengo

Zovala zimalankhula. Munthu wovala yunifolomu ya apolisi asali wapolisi amamangidwa, ndipo wovala mkanjo wa ubusa asanadzozedwe amachotsedwa mumpingo. Chifukwa chake n'chakuti chovalacho chimauza anthu kanthu za wochivala, ndipo anthu amachitapo kanthu potsata zimene auzidwa. Woimba mlandu anganene kuti wotchi yobira nayonso imanena kuti mwini wake ndi munthu wolimba mtima, wozolowera zoopsa za pansi pa nyanja. Kuyambira pamene Sean Connery adavala Submariner m'kanema wa Dr. No mu 1962, otsatsa malonda akhala akugulitsa chithunzi chimenechi pamodzi ndi chitsulocho. Ngati mphunzitsi uja amaopa ngakhale kukwera bwato, ndiye kuti wavala mbiri ya eni ake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Katswiri wa zachuma wa ku America, Thorstein Veblen, m'buku lake la mu 1899 lotchedwa The Theory of the Leisure Class, adaphunzitsa kuti anthu amagula zinthu zina n'cholinga choti anzawo aone kuti iwo ali ndi ndalama zotha kutaya. Malinga ndi ganizo limeneli, mamita 200 aja, amene sadzagwira ntchito, ndiwo amene akugulidwa, pakuti kuononga ndiko kumabweretsa ulemu.

Mlandu umenewu uli ndi mphamvu, koma ukusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali chizindikiro cha udindo ndipo pali chida. Yunifolomu ndi mkanjo zimapereka ulamuliro pa anthu ena, choncho kuzivala mwabodza kumalanda anthu ufulu wodziwa amene akumumvera. Wotchi sipereka ulamuliro uliwonse. Palibe amene angapereke mwana wake kwa mphunzitsiyo kuti akamuphunzitse kubira chifukwa chongoona mkono wake. Komanso mawu olembedwa pankhope pa wotchiyo akunena za wotchiyo, osati za munthu, ndipo zimene akunenazo n'zoona chifukwa zidayesedwa. Mlimi wovala jombo zimene poyamba zidasokedwera asilikali sanamiza munthu. Wangopeza nsapato zolimba.

Bodza lenileni lili pena. M'misewu ya mizinda yambiri ya chigawo chino, kuyambira ku Johannesburg mpaka ku Lilongwe, mumagulitsidwa mawotchi achinyengo olembedwa maina a makampani otchuka. Wotchi yotere imanama kawiri: imanama za amene adaipanga, imanamanso za madzi amene ingapirire, pakuti mvula yoyamba ya mu Novembala imaichititsa nthunzi m'galasi. Woigula akudziwa amakhala atavomera kuthandiza bodzalo kuti aoneke wolemera. Munthu amene wasankha Seiko kapena Vostok yeniyeni m'malo mwa Rolex yabodza wasankha kuoneka monga momwe alili. Pa mfundo imeneyi kutsika mtengo kwa wotchiyo kukumuikira umboni.

Chotsala pa mlanduwu ndi kudzinyenga wekha. N'zotheka munthu kuyang'ana mkono wake n'kumadzimva ngati wachita zimene sadachite, monga momwe ena amagulira mabuku n'kumadziyesa ophunzira asanawatsekule. Choyesera chake n'chapafupi. Anzake akamufunsa za ku Salima, kodi mphunzitsiyo amaseka nawo n'kuvomera kuti sadziwa kusambira, kapena amayamba kupeka nkhani? Ngati amavomera, palibe wonyengedwa, ngakhale iye mwini.

Mlandu Wachiwiri: Chida Chotsalira pa Ntchito Yake

Aristotle adaphunzitsa kuti ubwino wa chinthu umaoneka pa mmene chimagwirira ntchito imene chidapangidwira. Mpeni wabwino ndi wodula bwino. Ngati ntchito ya wotchi ndi kunena nthawi, ndiye kuti wotchi yodzipukusa yokha idagonja kalekale. Pa 25 Disembala 1969 kampani yomweyo ya Seiko idatulutsa Astron, wotchi ya pamkono yoyamba kugulitsidwa yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. M'mawotchi a quartz a masiku ano kamwalako kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Luso limeneli lidagwedeza dziko la Switzerland mpaka anthu ogwira ntchito yopanga mawotchi adatsika kuchoka pa pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika pa pafupifupi 30,000 pakati pa zaka za m'ma 1980. Casio F-91W, imene idatuluka mu 1989 ndipo mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa SKX007, imasokonekera ndi masekondi osaposa 30 pa mwezi. Wotchi ya mphunzitsi uja ikhoza kusokonekera ndi masekondi omwewo pa tsiku limodzi kapena awiri. Kuonjezera apo, m'thumba mwake muli foni imene imanena nthawi yolondola kuposa mawotchi onsewa.

Pali nthano ya Diogenes, wanzeru wa ku Greece amene ankakhala ndi zinthu zochepa kwambiri. Akuti tsiku lina adaona mwana akumwa madzi ndi manja, ndipo adataya chikho chake poona kuti chidali chosafunikira. Diogenes akadakumana ndi mphunzitsiyu akadamuuza kuti avule wotchiyo pomwepo.

Yankho loyamba likukhudza mamita 200 aja. Mphamvu yotsala siyenera kuwerengedwa ngati yotayika. Mlatho womangidwa kuti upirire galimoto yonyamula matani 30 sunaonongetse simenti ngakhale patsiku pangodutsa njinga zokha. Nkhokwe yabwino imalukidwa mopitirira zokolola za chaka wamba. Mphira ndi chitsulo zimene zidakonzedwera pansi pa nyanja ndizo zimatchinga fumbi la mu Okutobala, choko cha m'kalasi, thukuta ndi mvula ya dzinja. Munthu wa kumtunda sagwiritsa ntchito kuya kwa wotchiyo, koma amadya phindu la kulimba kwake tsiku lililonse.

Yankho lachiwiri n'lakuti kulondola kuli ndi malire a phindu lake. Palibe phunziro, maliro kapena ulendo wa basi umene umaonongeka chifukwa cha masekondi 20. Chimene moyo wa mphunzitsi umafuna ndi chida chimene chili pafupi nthawi zonse, chosadalira magetsi amene angazime, ndiponso chosabweretsa zina. Foni imanena nthawi molondola, koma woitulutsa kuti aone ola amapezamo mauthenga a pa WhatsApp, ndipo mphindi khumi zimapita iye asanaibwezere m'thumba. Chida cholondola kwambiricho ndicho chimadya nthawi imene chikuyesa. Komabe pafunika chilungamo pano: wotchi ya makina imafuna kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka, amisiri okonza mawotchi pamakonde a masitolo akuchepa, ndipo mtengo wokonzetsa ukhoza kuyandikira mtengo wa wotchiyo. Amene amati wotchi yotere ndi yamuyaya amakokomeza.

Yankho lachitatu likulowa m'nkhani ya nthawi yeniyeniyo. M'buku lake la mu 1969, African Religions and Philosophy, John Mbiti wa ku Kenya adanena kuti m'chikhalidwe cha makolo a mu Africa nthawi imawerengedwa ndi zochitika, ndipo kuti tsogolo lakutali silinkaganiziridwa kwenikweni. Mfundo yachiwiriyi idatsutsidwa ndi akatswiri ena, monga Kwame Gyekye wa ku Ghana, ndipo Chichewa nachonso chimaitsutsa, pakuti anthu amene amati zengerezu adalinda kwawukwawu amadziwa bwino kuti mawa lili ndi mangawa ake. Koma mfundo yoyambayo ili ndi choonadi. Mawu monga tambala woyamba, m'bandakucha, dzuwa lili paliwombo ndi chisisira amamanga nthawi pa zinthu zamoyo ndi zooneka. Kumbali ina, wolemba mbiri wa ku England, E. P. Thompson, adaonetsa mu 1967 mmene mafakitale adagwiritsira ntchito wotchi pozoloweretsa antchito kugulitsa maola awo. M'chigawo chino belu la kumishoni, la kuesiteti ndi la kumigodi lidagwira ntchito yomweyo.

Wotchi yodzipukusa yokha ili pakati pa nthawi ziwirizi. Imagawa tsiku m'maola ndi mphindi monga belu la kufakitale, koma mphamvu yake imachokera m'zochita za mwini wake. Akaivula n'kuisiya patebulo, pakatha maola pafupifupi 40 imaima. Pakutha pa sabata amayenera kuiyerekeza ndi nthawi ya pawailesi n'kuikonza. Motero mwini wake amakumbutsidwa kawirikawiri kuti chimene chili pa mkono wake ndi chiyerekezo chopangidwa ndi anthu, chofuna kusamalidwa ndi kudzudzulidwa. Munthu amene amakonda chida chifukwa cha zimenezi sadalakwitse kuwerenga. Wangoona kuti ntchito ya wotchi pa moyo wa munthu ndi yotakata kuposa kulondola kokha.

Mlandu Wachitatu: Umunthu ndi Ndalama

Mlongo uja sadafunse za Veblen kapena za quartz. Iye adafunsa mtengo. Mawu akuti "yotsika mtengo" adabadwira ku Tokyo, ku London ndi ku New York, kumene madola 200 amayerekezedwa ndi madola 9,000. Kumudzi kwa mphunzitsiyo ndalama zomwezo zimayerekezedwa ndi feteleza, fizi ndi mankhwala. Chinthu chimodzi chomwecho n'chotchipa kwa wina ndipo n'chuma kwa wina, ndipo mphunzitsiyo amakhala m'maiko awiriwa nthawi imodzi: amawerenga za mawotchi pa intaneti ndi maso a dziko loyamba, koma malipiro ake ndi abale ake ali m'dziko lachiwiri.

Mu 1972 Peter Singer wa ku Australia adalemba nkhani yotchuka yotchedwa Famine, Affluence, and Morality. M'menemo adapereka fanizo la munthu amene akudutsa pafupi ndi dziwe losaya n'kuona mwana akumira. Aliyense amavomereza kuti munthuyo ayenera kulowa m'madzimo ngakhale zovala zake zide ndi matope. Singer adati ngati zili choncho, ndiye kuti aliyense amene angathe kuletsa tsoka lalikulu popanda kutaya chinthu chofanana nalo kulemera ayenera kutero, ndipo kutalika kwa mtunda sikuchepetsa udindowo. Fanizoli likumugwira mphunzitsiyu mowawa. Iye wavala chida chopulumutsira moyo m'madzi, pamene ana amene akumira mu umphawi ndi a mchimwene wake yemwe.

Chiphunzitso cha umunthu chimafika pamalo omwewo podzera njira ina. Mwambi umati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mphunzitsiyo sadadziphunzitse yekha. Padali wina amene adagulitsa mbuzi kuti iye alembe mayeso, ndipo mwina adali mlongo yemweyo. Malipiro ake, m'maso mwa abale, ali ngati munda wa banja umene iye wangopatsidwa kuti aulime.

Pali oyankha kuti muyeso wa Singer ndi wolemera mopitirira. Mu 1982 Susan Wolf wa ku America, m'nkhani yake yotchedwa Moral Saints, adati moyo umene mphindi iliyonse ndi khobidi lililonse zaperekedwa ku ntchito zachifundo umasowa zinthu zina zimene zimakometsa munthu, monga luso, nthabwala ndi kukonda zokongola. Chikhalidwe cha kumudzi nachonso sichidaletsepo kukongola. Mayi wosauka amasunga mkanda wake, ndipo palibe amene amamudzudzula pogula chitenje chatsopano cha pa Khirisimasi. Amuna amene ankabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare ankafika ndi njinga, wailesi ndi wotchi pamkono, ndipo mudzi unkawalandira ndi nthungululu. Amene ankanyozedwa ndi uja wobwera ndi wotchi yonyezimira koma wopanda bulangete la amayi ake. Mudzi sunkaweruza wotchiyo. Unkaweruza ndondomeko ya zinthu, chimene chayamba ndi chimene chatsatira. Ndiye tanthauzo lina la mwambi wakuti sunga khosi, mkanda uoneka.

Kuchokera apa zikuoneka kuti mlandu wachitatuwu suweruzidwa poyang'ana wotchi koma poyang'ana zinthu zitatu za mwini wake. Choyamba ndi gwero la ndalamazo. Ngati adazisunga podzimana mowa, fodya ndi zovala, atakwaniritsa kale zimene ana amasiye aja amayembekezera kwa iye, mlandu wake ndi wopepuka. Ngati fizi ya mwana idachedwa chifukwa cha wotchiyo, palibe nzeru ya m'mabuku imene ingamuyeretse. Nyengo nayonso imasintha kulemera kwa chinthu: kugula kumene kungakhale kosalakwika m'chaka cha zokolola zambiri kukadakhala nkhanza pa njala ya mu 2002, kapena mu 2024 pamene chilala chidachititsa boma la Malawi kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Chachiwiri ndi chiwerengero. Kutsika mtengo kuli ndi msampha wake, pakuti munthu amene sangagule wotchi imodzi yodula amatha kugula zotchipa zisanu, iliyonse akudziuza kuti sidawononge zambiri. Apa wotchi yodzipukusa yokha imadzudzula mwini wake popanda mawu, chifukwa imene ili pamkono ndiyo imayenda ndipo zinazo zimaima m'kabati. Wotchi imodzi yovalidwa tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri ndi chida. Zisanu zogona m'kabati ndi chizindikiro chakuti chilakolako chayamba kulamula.

Chachitatu, chimene chili chachikulu pa zonse, ndi kukonzeka kuisiya. Thompson uja adaonetsanso kuti kwa antchito osauka a ku England wotchi idali ngati nkhokwe ya ndalama, yogulidwa pa nthawi yabwino ndi kuperekedwa chikole pa nthawi yovuta. Wotchi ya makina yodziwika bwino imasunga mtengo wake, ndipo SKX007 idakwera mtengo italeka kupangidwa. Tsiku lina foni idzalira usiku kunena kuti mwana wagonekedwa m'chipatala. Pa tsiku limenelo mpamene padzadziwike ngati mphunzitsiyo ali ndi wotchi kapena wotchiyo ndiyo ili ndi mphunzitsi.

Ngakhale zitatu zonsezi zitakwaniritsidwa, mlongo uja sakhala wolakwa. Matumba a feteleza amene adawerenga pamtima adali enieni, ndipo sadagulidwe. Chimene chinganenedwe n'chakuti mphunzitsiyo sadachite choipa. Sizinganenedwe kuti adachita chabwino koposa chimene akadatha. Anthu ambiri abwino amakhala moyo wawo wonse pakati pa ziwirizi, ndipo n'koyenera kuti azimva kulemera kwake m'malo modziuza kuti palibe funso.

Mkombero Woyenda Mbali Imodzi

Pa wotchi yobira pali chinthu chimodzi chimene chingathandize poweruza mlandu wotsalawu. Mkombero wa manambala uja umazungulira mbali imodzi yokha, mobwerera kumanzere, motsutsana ndi kumene mivi imalowera. Wobira asanalowe m'madzi amaika chizindikiro cha mkomberowo pa muvi wa mphindi, ndipo pambuyo pake amawerenga mphindi zimene zadutsa. Amisiri adadziwa kuti pansi pa madzi mkono ukhoza kugunda mwala n'kusuntha mkomberowo. Sadathe kuletsa ngozi yotere kotheratu, choncho adasankha mbali imene cholakwacho chiyenera kugwera. Mkomberowo ukasuntha mwangozi, umaonetsa kuti papita nthawi yaitali kuposa yeniyeni, ndipo wobirayo amavuuka msanga. Sungathe kumunamiza kuti akadali ndi mpweya umene alibe.

Mphunzitsi uja amagwiritsa ntchito mkomberowu poyesa mphindi 40 za phunziro ndi poyang'anira mayeso. Koma nzeru imene ili m'menemo ndi yoposa pamenepo. Munthu aliyense amalakwitsa podziweruza, ndipo kawirikawiri cholakwacho chimagwera mbali yomukomera: amachepetsa ngongole yake kwa abale, amakulitsa zimene wapereka, ndipo amaganiza kuti nthawi yobwezera ikadalipo yambiri. Popeza kulakwitsa sikungapewedwe, chanzeru ndi kukonzeratu kuti kuzigwera mbali inayo. Pamene sakudziwa ngati wathandiza mokwanira, awerenge ngati sadakwanitse. Pamene sakudziwa ngati amayi ake okalamba adzakhalapo chaka chamawa, apite chaka chino. Madzi akatayika saoleka.

Mawu Omaliza

Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 pamalo ake ozama kwambiri, ndipo pansi pa mamita pafupifupi 250 madzi ake alibe mpweya woti nsomba n'kukhalamo. Anthu obira mongosangalala ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, amene amapita kukaona mbuna m'miyala, sapitirira mamita 40. Asodzi amene amagona panyanjapo usiku uliwonse amadziwa nthawi poyang'ana nyenyezi, mwezi ndi mphepo. Wotchi ya mphunzitsi uja ikhoza kupita kumene iye sangafike, komabe nayonso ili ndi malire ake, ndipo malirewo adalembedwa poyera pankhope pake.

Pa mlandu wa chinyengo mphunzitsiyo alibe chifukwa, malinga ngati savala mbiri ya eni ake. Pa mlandu wa chida chotsalira alinso ndi mayankho omveka. Mlandu wa umunthu wokha ndiwo sutsekedwa tsiku logula, chifukwa umazengedwanso mwezi uliwonse malipiro akalowa. Mlongo wake adzapitiriza kuyang'ana mkono umenewo nthawi iliyonse akabwera kumudzi, ndipo ali ndi ufulu wotero. Chimene mphunzitsiyo angachite ndi kuonetsetsa kuti dzanja limene lavala wotchiyo silifika pakhomopo lopanda kanthu.